Sukulu ya pa Laputopu Kapena ya Loweruka?

Agogo,

Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa simenti, malata ndi penti. Abwana akutsegula nthambi ina ndipo akuti woiyang'anira akhale woti akuchita digiri yachiwiri ya zamalonda. Mpando umenewo ndikuufuna.

Sukulu ndapeza ziwiri. Ina ndi ya pa intaneti, umaphunzira pomwe uli, nthawi yomwe wafuna. Inayo ndi ya m'kalasi, Loweruka lililonse tsiku lonse. Koma Loweruka ndi tsiku limene amisiri amadzaza m'sitolo, abwananso amaima pakauntala n'kumaona amene akugwira ntchito.

Ya pa intanetiyo ndinayesako phunziro laulere ndili pabalaza. Timakhala ndi apongozi anga, ndipo kwa iwo munthu wokhala pansi ndiye kuti alibe chochita. Nditangotsegula laputopu anati, "Amake mwana, popeza mwangokhala, tandipisirani ulusi pasinganopa." Kenaka anasuzumira, n'kuona nkhope ya mphunzitsi. Anakonza mpango, n'kuyamba: "Muli bwanji bambo? Nanga mayi ndi ana kunyumba?" Kalasi yonse ya pa intanetiyo inawamva, n'kufa nalo phwete. Iwo n'kukoka mpando, ati amve nawo.

Ndisankhe iti, Agogo? Nanga digiri ya pa intaneti anthu amailemekezadi?

L.K., wa kumsewu wa masitolo

Mwanawe,

Kalata yako andiwerengera kawiri, kachiwiriko chifukwa ndinaseka mpaka zina sindinamve. Apongozi akowo usawade. Munthu waoneka m'nyumba mwawo, asam'patse moni? Inenso sukulu yanuyi ikundidabwitsa. Mphunzitsi amadziwa bwanji kuti uyu akusinza? Wochedwa amagogoda pati?

Sindinakhaleko pa desiki ine, koma ophunzira ndawaona. Kale ndinkakhala moyandikana ndi telala wina amene anali ndi ophunzira awiri. Mmodzi ankati akam'sonyeza kudula kolala, amatenga zidutswa za nsalu kukayeserera yekha mpaka atakhoza. Winayo, telala akangopita kukagula mabatani, makina ankazizira, wophunzirayo ali pakhomo kuwerenga galimoto zodutsa. Koma ukamuimirira pambali ankasoka bwino kuposa mnzakeyo! Onse anadzakhala atelala, aliyense m'njira yake. Iwe ndiwe uti pa awiriwa? M'kalata sunanene, mwina nawenso sukudziwa.

Ndiye dziyese usanalembetse. Koma osati pabalaza. Kwanuko wolemekezeka ndi amene wanyamula chikwama n'kutuluka, choncho sukulu yako ikhale ndi chitseko. Pempha abwana kuti mukatseka sitolo uzitsalira mu ofesi yakumbuyo. Tenga maphunziro aulere aja, usankhe masiku ako, uchite mwezi wathunthu popanda wokukalipira. Ukapezeka kuti ukukhaladi pampando, ngakhale tsiku limene mwatsitsa lole ya simenti, tenga ya pa intaneti. Loweruka lako likhala pakauntala, pamaso pa abwana, pakuti mpando sapatsa munthu amene sakumuona.

Ukapezeka ukutsegula laputopu n'kumayankha mauthenga a anzako, usachite manyazi. Ndiwe wofuna woimirira pambali, pita ku sukulu ya m'kalasi. Kumeneko phindu lina ndi anthu: ukhala benchi imodzi ndi a kubanki, a kumafakitale, anthu oti mawa udzawaimbira foni. Kungoti uyambe wamvana ndi abwana za amene aziima m'malo mwako Loweruka, ndipo amene azikugwirirayo uzim'bwezera tsiku lina, asamakunenere kumbali.

Za ulemu wa digiri, safunsa anadya phula. Funsa ku ofesi yoona za maphunziro ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Funsa abwana ngati pepala lake adzalilandire. Uwauzenso a sukuluwo akulozere munthu amene anamaliza, ucheze naye maso ndi maso, umufunse kuti anayamba angati, anatsiriza angati, mayeso ankalembera kuti. Akayamba kuzungulira, nyamuka, imeneyo ndi sitolo ya mapepala.

Tsopano chenjezo langa. Kaya usankha iti, padzakhala masiku owerengera kunyumba, ndipo padzafunika wina wouza apongozi kuti munthuyu asamatumidwe. Wina ameneyo usakhale iwe. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa mwana wawo ndi pempho, akatuluka pako ndi mwano, ndipo abale onse adzamva kuti sukulu yakukweza mapewa. M'kalata monsemu ndamva za abwana, amisiri, mphunzitsi, koma bambo a kunyumba sindinawamve ngakhale kutsokomola. Ayambe alembetsa iwowo ntchito yolankhula ndi mayi awo, iwe ulembetse pambuyo.

Agogo