Miyala ya khola la nkhumba

Jayuya, 9 Okutobala 1987

Mwana wanga Idalia,

Ndikhulupirira uli bwino ndi ana. Akulemba ndi a Fermina oyandikana nafe, koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza asakometse. Khofi wapsa bwino. Chifuwa chija chilipo, koma si nkhani.

Sabata yatha kunabwera a Quiñones, aja ankagawa makalata, amene tsopano amayendayenda m'mapiri kufunafuna zakale. Ataona miyala ya khola la nkhumba anavula chipewa.

"A Nicasio, miyala iyi munaitenga kuti?"

Ndinati kumunsi kwa munda, ndinakoka ndi ng'ombe. Titagubuduza umodzi tinaona nkhope yogoba, maso awiri ndi pakamwa.

"Abale! Nkhumba zanu zakhala zikugona pakati pa makolo athu zaka zonsezi!"

Akuti pamene ndinaitenga paja panali bwalo la anthu akale, azungu Achisipanya asanafike. Ndi zomwe unandiuza uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, utajambula m'kope mmene miyalayo inaimira mozungulira. Ndinakuseka pamaso pa alendo, kopelo ndinayatsira moto. Sunalire, koma sunandionetsenso kanthu.

Nkhumba ndagulitsa, khola ndaphwasula. Miyala yonse ili pakhomo. Ndayesa kukumbukira pamene uliwonse unaima kuti ndiibwezere, koma ine ndinkangoona zobunthitsa khasu. Amene anaiyang'ana bwino ndiwe wekha.

Sindikuti ubwere, ndikudziwa ntchito ya ku Chicago. Miyala ingathe kudikira zaka zina chikwi. A Fermina akuti ndinenenso zimene adokotala anandiuza za chifuwachi. Ndakana.

Ndine bambo ako,
Nicasio Marrero