Masipuling'i a lole ya mkamwini

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Ndinapita ku Ching'ambo kukaona lole ya mkamwini wanga, a Gondwe, ija anagula kwa asilikali. Ndinaipeza ili pa jeke, makaniko akuwonjezera masipuling'i kumbuyo. Ataitsitsa, bodi inandifika m'khosi, pomwe kale inkalekeza pachifuwa.

Ndinafunsa a Gondwe bwinobwino, "Kodi bambo, galimoto ya asilikali n'kuchepa mphamvu?"

Iwo akuti, "Adada, misewu njoipa chomene."

Misewu yake iti? Lole imeneyi anaipangira kutchire komweko.

Makaniko ndiye anaseka, nati, "Apa mutapakira matabwa aawisi n'kufunditsa tenti, siigwada ayi. Pa rodibuloko aziyesa mwanyamula makatoni." A Gondwe anamuyang'ana ndi diso loipa, iye n'kuyamba kufunafuna sipanala yomwe inali m'manja mwake.

Woyendetsa ndi mwana wanga Yosefe, ndipo amuuza kale kuti maulendo ake ndi akunkhalango. Akagwidwa, wokagona m'chitokosi si a Gondwe.

Mawa ndimuuza Yosefe kuti abweze makiyi. Koma mlongo wake ali pabanja pomwepo, ndiye kaya ndiyambira pati...