Laputopu Ndaikhoma, Kiyi Muli Nayo Kale

Bambo a mapasa,

Pepani ndachoka musanabwereko kosiya ana kusukulu. Achemwali aimba kuti matenda ayamba, mwana akhoza kubadwa lero, ndiye ndathamangira kuchipatala.

Mukayatsa laputopu musadzidzimuke, ikufunsani mawu achinsinsi isanaonetse chilichonse. Sinawonongeke ayi, ndine ndachita. Paja mnzanga wa kuntchito anamubera yake mu minibasi, wakubayo n'kuyamba kumwaza zithunzi za banja lake? Zinandiopsa. Ndiye dzulo bambo wokonza makompyuta uja anaikamo pulogalamu yokhoma zonse za mkati, moti ngakhale wakuba atachotsa diski n'kukaika mu kompyuta ina, sangawerenge kanthu. Ndimati ndikuuzeni m'mawa uno, koma mutu wonse unali kwa achemwali.

Ndikudziwa kuti kalata yanu yofunsira ntchito ili momwemo ndipo ikufunika isanakwane 12 koloko. Mawuwo sindilemba pano, bamboyo anandiletsa kuwasiya papepala, ndipo foni ikhala yozimitsa mu wodi. Koma mukuwadziwa. Ndi mawu atatu oyamba amene munandiuza tsiku lija mvula inatitsekereza pakhonde la sitolo ya nsapato, inu mutanyamula ambulera yothyoka. Osati okoma aja mumanamiza anzanu kuti munanena, enieniwo. Zilembo zing'onozing'ono, osasiya mpata.

Tiyi ali mufulasiki. Mukakanika, nyamulani laputopuyo mundipeze kuchipatala, ndikakunong'onezani. Koma mukayamba mwafotokoza pamaso pa achemwali kuti mwaiwala bwanji.

Wanu yemwe uja wa pakhonde