Moto wa Mayi Ndinayatsa Ndine

Baliapada,
19 Novembala

Okondedwa achimwene a Niranjan,

Ndikukupatsani moni pogwira mapazi anu, monga Mayi anatiphunzitsira. Muli bwanji ku Hyderabad? Alamu a Madhumita ali bwanji ndi shuga wawo uja? Nanga ana awiri aja, amene ndimangowadziwira pa chithunzi? Kuno ine ndilipo, bondo lokha ndilo limandikumbutsa kuti zaka makumi asanu zakwana. Mvula yatha, mpunga wacha, ndipo gombe lonse layalidwa nsomba zouma, fungo lija munkadandaula kuti limakulowerani mpaka m'mabuku.

Ndinakuonani pa wailesi yakanema, mutaima mzere wachiwiri, mukuwomba m'manja mzinga wanu utagwera pamene munaulozera. Ana a m'kalasi mwanga aujambula pakhoma, ndi mbendera pambali pake. Sindikunama, ndinanyadira. Dziko limene tili ana linkadikira sitima za tirigu wopempha, lero likudzipangira lokha chitetezo, ndipo dzanja limodzi mwa manja amenewo ndi la mwana wa msodzi wa ku Baliapada. Ndinakumbuka chaka chija pa chikondwerero cha nyali, mutapanga kamzinga ka nsungwi kuseri kwa khola. Kanaphulika kasananyamuke, kanandiwaula tsitsi, inu kanakung'ambani chala chachikulu. Mayi anakumenyani ndi dzanja limodzi, linalo akukupakani mankhwala.

Achimwene, Mayi anamwalira. Lero ndi tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi. Miyambo yonse yatha, anthu anadya, anabalalika. Moto umene mwana wamwamuna woyamba amaika pakamwa pa mayi ake potentha mtembo, umene iwo anakusungirani zaka zonsezi, ndinaika ndine. Nambala yanu ya foni ndinali nayo. Sindinakuimbireni, ndipo sikunali kuiwala. Werengani mpaka kumapeto, kenako mundide bwinobwino mukudziwa chifukwa chake.

Mukudziwa kuposa ine mmene zimakhalira mukafuna kuyesa mzinga. Kukatsala tsiku limodzi kapena awiri imadutsa galimoto ya chinkuzamawu: onse okhala pafupi ndi mpanda wa malo anu oyesera mizinga atuluke m'nyumba mamawa, ng'ombe ndi mbuzi zomwe, akakhale kusukulu mpaka mzinga udutse. Inu mumaona zimenezi pa pepala. Ife timaziona ndi mphasa kumutu.

Mayi sanadandaulepo. Tsiku loyesa ankasala kudya kuti ntchito ya mwana wawo iyende. Ankavala nsalu yoyera yochapa kumene, n'kukakhala pakhonde la kalasi yanga, nkhope kulunjika kunyanja. A Kuntala, oyandikana nafe aja, sankawasiya. Ankati ana a ena akabwera kumudzi amabweretsa nsalu ndi maswiti, koma inu, mwana wa a Behera, mukabwera mudzi wonse umathawa ndi mbuzi zomwe. Mayi ankayankha kuti kuli bwino kuthawa ndi mbuzi kusiyana ndi kubisa ndolo mumphika wa mpunga, monga amachitira ena mwana wawo chidakwa akamalowa pakhomo. Khonde lonse linkafa ndi phwete, a Kuntala omwe, kenako awiriwo n'kugawana masamba otafuna.

Sanafunsepo chifukwa chake mumafika mtunda woyenda wapansi ola limodzi kuchokera pakhomo pawo koma osalowa. Ankadziyankha okha kuti zinsinsi za boma sizicheza. Ine ndinkadziwa zina. Ndinkadziwa kuti dzina la Behera munalisiya ku koleji chifukwa limanunkha ukonde. Ndinkadziwa kuti akuchikazi kwanu munawauza kuti ndinu mwana wamasiye, wa banja la eni minda. Munandifotokozera nokha pa siteshoni ya sitima chaka chimene munkakwatira, mukuti ndi kwa kanthawi chabe. Ndinakusungirani kanthawi kameneko zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Tsiku lija la Epulo chaka chatha mukulikumbuka, ngakhale mungakonde kuliiwala. Akuluakulu anabwera kusukulu kudzaona mmene othawitsidwa akusamalidwira. Anatsika m'galimoto zitatu. Munali pakati pawo, mutavala magalasi akuda, pambali panu apongozi anu amene anabwera ngati mlendo wolemekezeka, ndi ndodo yawo ya mutu wasiliva.

Mayi anadzuka asanakuoneni bwino, anakuzindikirani ndi kayendedwe. M'manja anali ndi kabakuli kaja ka nsomba zouma zophika ndi mpiru, kamene ankanyamula tsiku lililonse loyesa, kuti mwina akumana nanu. Anayenda mpaka pamaso panu. Inu munaphatikiza manja mwaulemu ndithu, n'kuwafunsa kuti agogo, chakudya cha pano chikukwana? Madzi akumwa alipo? Apongozi anu anayang'ana kabakuliko, n'kutseka mphuno ndi kansalu, akuti anthu awa n'ngabwino mtima koma zakudya zawo n'zoopsa kuposa mizinga. Onse anaseka. Inunso munaseka, achimwene. Ndinali pakhomo la kalasi, choko chili m'manja, ndipo kuseka kwanu ndimakudziwa.

Galimoto zinachoka. A Kuntala, amene pakamwa pawo sipatsekeka, anangouza Mayi kuti mwina simunawaone chifukwa cha magalasiwo. Mayi anawadzudzula. Anati amene uja si mwana wawo ayi, wawo ndi wamtali kuposa pamenepo, maso awo ndiwo akalamba mpaka kupatsa moni mlendo. Anakhala pansi, n'kugawira ana nsombazo. Kuyambira tsiku limenelo kabakuli sanakanyamulenso, koma kusala kudya sanasiye.

Anayamba kudwala Lolemba, chifuwa ndi kutentha thupi. Dokotala wa pachipatala chaching'ono anati mapapo atopa, tiwasunge kunyumba. Lachiwiri galimoto ya chinkuzamawu inadutsa, kulengeza kuti Lachinayi kuyesedwa mzinga. Mayi anatsegula maso n'kunena kuti ndiye kuti wafika, ali pafupi, Sulochana muimbire.

Ndinatenga foni. Ndinapita pakhomo pamene ankatha kundiona, ndinaiika kukhutu osadina kalikonse, ndipo ndinalankhula ndi mphepo. Ndinati achimwene, Mayi adwala. Ndinagwedeza mutu, ndinati chabwino, chabwino. Ndinabwerera n'kuwauza kuti mwati mubwera mukangomaliza. Anandiuza kuti ndiviike mpunga m'madzi ugonere, chifukwa mwana wawo amakonda wowawasa, ndipo ndisaiwale tsabola wamuwisi.

Lachitatu anafunsanso kawiri. Kawiri konse ndinalankhula ndi foni yozima. A Kuntala anandikokera kukhitchini, akuti iwe mphunzitsi, ungapusitse odwala koma osati ine, foni imene ukulankhulayo sikuwala n'komwe. Akuti apatseni nambala aimbe okha, kapena akwere njinga akasiye uthenga pachipata kwa asilikali. Ndinawauza kuti mwana wamasiye alibe mayi woti amwalire. Anandiyankha kuti nonse awiri munayamwa bere limodzi, koma ululu umenewu sadziwa kuti munautenga kuti.

Ndafunafuna mumtima mwanga, achimwene, kuti ndikuuzeni zoona. Pena ndimadziuza kuti ndinkawateteza, kuti ndinkaopa mungayankhe kuti simungachoke pa ntchito, ine n'kukhala ndi mawu amenewo oti ndiwapatsire. Zimenezo zilipo pang'ono. Koma chachikulu n'chakuti ndinkaopa kuti mubwera. Mukanabwera madzulo, mukanagwada, mukanalira, iwo akanakusisitani mutu, ndipo zonse zikanatha mwaulere. Sindinafune kuti mukhululukidwe.

Madzulo a Lachitatu lomwelo, dzuwa lisanalowe, anandigwira dzanja. Anati tsiku lija kusukulu anaona chipsera pa chala chanu pamene munaphatikiza manja. Anati anakana dala kuti a Kuntala asakanene kumsika, mwana angachotsedwe ntchito kapena kunyozedwa kuchikazi. Ndipo anandipempha chinthu chimodzi. Anati moto wokha adzaike iyeyo, ngakhale abwere mobisala, ngakhale atavala magalasi, pakuti pa moto palibe amafunsa dzina. Ndinawalonjeza. Foni inali m'thumba mwanga.

Anatisiya Lachinayi kukucha. Pamene tinkawasambitsa, mathirakitala anali atayamba kale kunyamula anthu. Wapolisi wina wachifundo anati maliro sangakhale m'mudzi, lamulo silisankha amoyo kapena akufa. Choncho Mayi anathawitsidwa komaliza, pa machira a nsungwi, pakati pa mbuzi ndi mitolo ya mphasa, kupita kumalo otenthera mitembo a kutsidya kwa mtsinje, kunja kwa malire anu.

Kumeneko amuna anakangana. Amalume a Dibakar anati mwana wamwamuna ali pafupi, tidikire, mkazi saika moto mchimwene wake ali moyo. Wansembe anati iye mpaka pano sanaonepo zotere. Ine ndinanamanso. Ndinati ndakuimbirani ndipo mwakana, mwati ntchito ya dziko ndi yaikulu. Amalume analavula pansi. Anati ngati ndi choncho dzina lake lisatchulidwenso pano, ndipo anandipatsa okha muuni. A Kuntala anamva zonse, koma bodza langa sanaliulule.

Ndinazungulira nkhuni, ndinaika moto. Sindinazengereze ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho chimandiopsa mpaka lero.

Moto utangogwira bwino, nthaka inagwedezeka. Mzinga wanu unatuluka kuseri kwa mitengo ya m'mphepete mwa nyanja, woyera, wowongoka, wokongola kwambiri. Anthu onse a pamaliro anatembenuka. Achinyamata anatulutsa mafoni, ena anafuula kutamanda dziko, ngakhale wansembe anaima pakati pa pemphero, kukamwa kuli yasa. Sindikuwaimba mlandu, inenso ndinayang'ana. Utsi wanu unakwera molunjika kumwamba, wa Mayi unkakwawa pamwamba pa madzi. Ndinaganiza kuti aka n'koyamba mzinga wanu kunyamuka iwo osausalira kudya, ndipo unauluka bwinobwino.

Madzulo ake ndi pamene ndinakuonani pa wailesi yakanema ya a Kuntala, tsitsi langa likununkhabe utsi. Munkaoneka wotopa ndi wokondwa, ngati tsiku lija munabwera ndi zotsatira za mayeso, Mayi n'kukunyamulani ngakhale munali mutawapitirira kale msinkhu. Mpunga wanu unali ukadali mumphika, utawawasa monga mumakondera. Ndinapatsa agalu.

Mwina mukuganiza kuti chatsala chimodzi, kuti mafupa ndi phulusa mudzapita nazo ndinu kumtsinje woyera, monga amachitira ana aamuna. Amalume anafuna kuzisunga mumphika pansi pa mtengo wa pakhomo, akuti mwina mtima wanu udzabwerera. Ndinakana. Tsiku lachitatu titawatentha ndinakwera bwato la mwana wa a Dibakar, tinapalasa mpaka kupitirira mbendera zofiira zimene asodzi amaletsedwa kudutsa pa tsiku loyesa, ndipo ndinawathira mmenemo. Ndi njira imene mizinga yanu imadutsa. Moyo wawo wonse ankachotsedwa kuti inu muombere. Tsopano palibe galimoto ya chinkuzamawu imene ingawachotse. Nthawi iliyonse mukamawerenga manambala chobwerera mpaka kudina batani loulutsa mzinga, dziwani kuti ali patsogolo panu, akuyang'ana.

Kumudzi kuno onse, kupatula a Kuntala, akukhulupirira kuti munaitanidwa ndipo munakana. Sindidzawauza zoona. Mukafuna kudziyeretsa, bwerani nokha masana, muime pabwalo, munene kuti ndinu Niranjan Behera, mwana wa Saraswati wogulitsa nsomba zouma, ndipo mlongo wanu ndi wabodza. Ndidzavomera pamaso pa onse. Koma mubwere ndi alamu ndi ana, amve nawo.

Kabakuli kaja ndakatumiza pamodzi ndi kalatayi. Ndakatsuka katatu ndi phulusa, koma fungo silinachoke. Mudzaona nokha pokabisa.

Mulungu wa ku kachisi wa ku Puri akusungeni, akupatseni moyo wautali ndi mutu wosaiwala. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa apongozi anu. Ana muwapsompsone, muwauze kuti moniyo wachokera kwa mphunzitsi wina wa kumudzi amene amanyadira ntchito ya bambo awo.

Ndine mlongo wanu,
Sulochana Behera