Msewu wothera pamtsinje

Lachinayi, 12 Okutobala, madzulo. Kwatentha tsiku lonse, kamphepo kangoyamba kumene.

Ndinakhala ndi beseni langa la zitumbuwa pansi pa nsanja ya wotchi. Che Saidi, atelala a pakhonde, amandiuza kuti msewu wathuwu unayambira pamtsinje. Sitima zamoto zinkakocheza pomwepo, amtengatenga n'kumakwera ndi mitolo ku Boma. Kenako kunabwera pantoni yowolotsa anthu, mlatho usanamangidwe. Ndinatsinzina, ndipo ndinawaona onsewo akudutsa pamaso panga.

"Kale aliyense ankadikira pano, mwanangu," anatero. "Mlathowu wawaphunzitsa changu."

N'zoona. Mnyamata wina wa kutsidya ankadikira pantoni ataima pafupi nane. Chimangireni mlatho amangodutsa pa njinga, osacheuka.

Lero anatsika, akuti tcheni chachoka. Ine ndinachiona, chinali bwinobwino.

"Achemwali, mudakalipo?" anandifunsa.

Ndinangoyang'ana zala zanga. Ndisanapeze mawu, anyamata a chipani anamuitana kuti aonetse khadi, basi anapita.

Che Saidi anaseka osaimitsa makina. "Tcheni chimenecho mawa chichokanso."

Chikachokadi, ndidzangoti eya. Liwu limodzi lokha ndingalithe, kapena...

Ndalekeza Lachinayi, 7 koloko.