Kagalu Kako Kamadziwa Mlendo

Msuweni,

Landira moni, poti ndiwo mwambo. Kuno tili bwino, makutu okha ndiwo atopa.

Kagalu kako unandisiyira posamuka kaja kandikwana. Unakazoloweza kukanyamula kakangoti nyii, ndiye kakaona nkhope yachilendo kamalira ngati akukapha. Nditapita nako kushopu yanga yosokera, mayi wina wodzayesa diresi anatuluka ndi nsalu yake, osabweranso. Pano ndimakagoneka pa bulawuzi yako yakale kuseri kwa makina, osakayang'ana mpaka kakhale chete, ndiye ndikapatse kanyama. Kakusintha, komabe mlendo aliyense kamamulirira, ngakhale mayi anga.

Kupatula mmodzi. Lachiwiri amuna anga anabwerako kuulendo wawo wautali uja, ndipo ndimayesa kuti akakumana nako koyamba. Sikanalire ayi. Kanawathamangira kakupukusa mchira, n'kulowetsa mphuno m'thumba la jekete lawo, ngati kakudziwa kale zimene zimakhalamo. Iwo anangoyang'ana kudenga.

Paja unati iwowa kwanu sanapondeko?

Undiyankhe msanga. Kagaluka sindikabweza, chifukwa pa nonsenu ndi kokha kamene sikanandinamize.

Ndine msuweni wako yemwe uja,
Telala