Foni Ikagona Cham'mbali

Lolemba, 9 Juni

Alamu andiimbira akufuula. Anapita kuchipatala kukatenga mankhwala a shuga pogwiritsa ntchito apu ya pafoni imene ndinalemba ndi manja angawa. Umadina batani, seva, kompyuta yathu yaikulu, imakutumizira nambala ya pamzere, umaionetsa pawindo. Iwo anadina n'kupereka foni kwa kalaliki yankho lisanafike. Kabowo ka pawindopo n'kakafupi, foni imalowa chogona cham'mbali. Kalaliki poyang'ana, sikirini mbee, nambala palibe. Anawabweza kumapeto kwa mzere. Maola atatu, munthu wa shuga, asanadye.

"Sukulu yonse ija ndi imeneyi?" Ndangoti pepani alamu.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndachipeza. Foni ikatembenuka, sikirini yakale imafa n'kubadwa ina. Callback yanga, mbali ija ya apu yodikira yankho la seva, ndinaimangirira ku yakufayo. Yankho limafika n'kumagogoda panyumba yomwe eni ake asamuka. Kulakwa n'kwanga, sindikukana. Komanso muno timayesa mafoni ali gone pa desiki, chingwe chili kumatako. Ndani anayamba waitembenuzapo?

Ndawauza a Changu, bwana wathu. Dzinali timawatchula akatuluka. Akuti, "Tseka sikirini isamatembenuke. Mzere umodzi wa khodi, basi. Lachisanu tikutulutsa yatsopano."

Ndati kumeneko n'kubisa, si kukonza. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundikumbutsa kuti miyezi yanga itatu yoyeserera ntchito ikutha Lachisanu lomwelo. Ngati ndinaiwala! Tayi, amene amayesa zomwe ndalemba, anangoweramira pa kiyibodi ngati wagwetsa singano.

Fomu yovomereza kuti apu ituluke imafuna siginecha ziwiri, yanga ndi ya Tayi.

Lachitatu, 11 Juni

Nthawi ya nkhomaliro ndinapita kuchipatala kuja, ndakhala pa benchi ngati wodwala. Mwa anthu makumi awiri amene ndawerenga, asanu ndi mmodzi abwezedwa ndikuona. Bambo wina wachikulire sanatembenuze n'komwe. Anangokulitsa zilembo kuti aone bwino, nambala zii. Kukulitsa zilembo nako kumapha sikirini! Ndiye mzere umodzi wa a Changu umuthandiza chiyani ameneyu?

Kalaliki ankauza mnzake kuti, "Amene anapanga chinthuchi sanadwalepo." Ndinali pomwepo, kamtunda ka mkono umodzi. Manyazi anandigwira, kenako mkwiyo. Mkwiyowo ndabwera nawo ku ofesi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndasamutsira pempho lonse mu ViewModel, mbali ya apu yomwe siifa sikirini ikafa. Sikirini yatsopano ikabadwa imangofunsa kuti yankho lafika kodi, n'kulitenga. Pa tsamba la nambala zikugwira. Ndatembenuza foni mpaka dzanja kuwawa, nambala ili nji. Atsala masamba anayi, ndi kuyesa. Masiku awiri, ndikalimbikira.

A Changu adutsa kumbuyo kwanga. "Ukuchita zimene ndinanena?"

"Ayi bwana."

"Mtsikana iwe uli ndi mwano."

Mwano? Ine ndawapatsa moni m'mawa, ndi manja awiri.

Achemwali akuti ndisaine, ndizikonza mwakachetechete pambuyo pake, ntchito sizitoledwa mumsewu. Akunena zoona. Koma ikatuluka yotsekayo, aliyense adzati vuto linatha, ndipo masiku awiriwo palibe adzandipatse. Sindisaina.

Lachisanu, 13 Juni

M'chipinda cha misonkhano, atatu. Pa tebulo mapepala awiri: fomu yotulutsira apu, ndi kalata yondilemba ntchito yokhazikika, yosasainidwa, ataiika poti ndiione bwino. A Changu anandikankhira fomu ndi cholembera. Ndinawakankhiranso.

"Chabwino," anatero. "Tayi, saina iwe, m'malo mwa uyu ndisaina ndekha."

Tayi uja amati inde bwana asanamve n'komwe funso. Anatenga cholembera, kuchitsegula, kuchitseka. Kenako anatulutsa foni yomwe anaikamo apu yotsekayo, anadina, anakulitsa zilembo, n'kuiika patsogolo pawo. Mbee.

"Ndayesa kasanu ndi kawiri, bwana," anatero. "Sindingalembe kuti yakhoza."

A Changu anavula magalasi, kupukuta, kuvala, kuvulanso.

"Masiku angati?"

"Awiri."

"Lachiwiri m'mawa ndiipeze. Za kalata yakoyi tidzakambirana zikatha."

Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Ndinati, "Ayi bwana, tikambirane pompano. Lolemba ndibwere ngati wantchito kapena ndisabwere. Khodiyo ili pa seva, mukhoza kupeza wina aimalize."

Tayi anandiponda phazi pansi pa tebulo. Mawu angawo sindinawabweze. A Changu anati tituluke kaye, aganize.

Ndikulemba izi ndili pa masitepe, kope pa bondo, zilembo zikupita kwina ndi kwina. Chikwama ndalongedza kale, kapu yanga ya tiyi ili momwemo. Tayi wangosuzumira pachitseko, akuti a Changu akundiitana, kalata ija ili patsogolo pawo, ndipo akufunsa dzina la bambo anga limalembedwa bwanji.